A Dominiko, Pakati pa Bokosi ndi Jeneza

Mwezi wathawu tinakwera minibasi kupita kumudzi wina kuseri kwa Khombedza, kukavundukula chiliza cha a Dominiko Mbewe patatha chaka chimwalirireni. Chilizacho n'chabwino ndithu, cha matailosi oyera, mtanda wake woongoka. Ana a alongo awo anagwira ntchito, tisawanamizire. Koma ine sichinandikondweretse, chifukwa a Dominiko sanafune kugona kumeneko. Anali atasankha malo ena kuno kwathu, ndipo anatiuza tonse ali moyo, mobwerezabwereza mpaka tinatopa nazo.

Kwathu ndi kuno kwa Maganga. Iwo anabwera ngati mkamwini, kudzakwatira amayi Naphiri ine ndisanabadwe. Anamera imvi m'mudzi muno, anamangamo nyumba ya njerwa, ndipo mango amene anabzala tikudya mpaka lero. Zonsezo sizinawachotse ukamwini. Pa nkhani za mbumba sankafunsidwa, popeza mwini mbumba anali a Lufeyo, mlongo wawo wa amayi Naphiri, munthu wa mawu aakulu ndi mtima wapachala. Kumene a Dominiko ankamveka kunali ku tchalitchi. Anali katekisiti, ndiponso ankatsogolera mphakati wathu, kagulu ka mabanja a Chikatolika oyandikana nyumba amene timapemphera pamodzi mkati mwa sabata. Ine ndinawadziwira kwambiri kumanda, chifukwa ndine mmodzi wa adzukulu okumba manda m'mudzi muno, ndipo iwo maliro sankajomba.

Sanali mngelo, ndineneretu, poti munthu akafa timakonda kumuphaka mafuta. Kuimba sankatha, koma ankakweza mawu kuposa kwaya yonse. Pemphero lawo la chakudya linkadutsa kwa Papa, kwa odwala, kwa a m'ndende, kwa asodzi amene ali panyanja, ndiwo zikuzizira m'mbale. Njinga yawo inalibe mabuleki, ankaimitsa ndi chidendene, moti nsapato yakumanja inkatha yakumanzere ikadali yatsopano. Denga la nyumba yawo linkadontha dzinja lililonse iwo ali kokonza maukwati a eni ake. Amayi Naphiri ankati mwamuna wawo ndi wa mudzi wonse, iwo amangomuchapira zovala.

Chimene ankadziwika nacho ndi kayanjanitsidwe kawo ka anthu, kamene ambirife kankatitopetsa. Awiri akabwera atayambana, sankalola munthu kuyamba ndi dandaulo lake. Ankati popeza mwakhala mukukalipirana, mawu a mnzanu munawamva kale, ndiye ankaloza mmodzi kuti anene zimene mnzakeyo akufuna. Akamaliza, ankatembenukira kwa mnzakeyo n'kufunsa ngati ndi zomwezo. Akakana, woyamba uja ankayambiranso, mpaka mwini dandaulo avomere ndi pakamwa pake. Kenako ankasinthana. Iwo osagamula kanthu, atangokhala pansi miyendo tambalale, akutafuna chinangwa chachiwisi. Nkhani yoti pabwalo ikanatha dzuwa lisanatenthe, kwa a Dominiko inkadya tsiku lathunthu.

Ankati njirayi anaitola ali mnyamata, pamene Mpingo unawatuma kukathandiza pakati pa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki, kumalire a Dedza. Kumeneko anaona anthu amene abale awo anaphana ataima pa mzere umodzi wotunga madzi, aliyense akudziwa bwino zimene anamuchita koma osadziwa chimene mnzake akulira. Za kumeneko sankafotokoza zambiri, ndipo ukawakakamiza ankasintha nkhani. Ankangoti nkhondo imayamba tsiku limene munthu walephera kunena chimene chikupweteka mdani wake, mfuti zimachita kubwera pambuyo. Ku mphakati ankatiuza kuti chiphunzitso cha Mpingo pa kakhalidwe ka anthu n'chachifupi, ife ndi amene timachitalikitsa pofuna pothawira. Munthu aliyense ndi chifaniziro cha Mulungu, ngakhale amene wakuzulira chinangwa. Nyanja, dambo ndi mjigo Mulungu anapereka kwa onse, sanalembepo dzina la mpingo. Ndipo anthu akasiya kumenyana chilungamo chisanachitike, ankati amenewo akungopuma, si mtendere.

Mawu amenewo anali ndi pogwira ntchito, chifukwa mudzi wathu uli ndi mnzake. Ife a kumtunda ndife alimi, Akhristu ndi a gule. A kugombe ndi asodzi, pafupifupi onse Asilamu, ndipo pakati pathu pali khwawa. Chaka chimene nyanja inadzaza n'kumiza minda yawo, iwo anakwera kudzalima mpunga m'dambo limene ife tinkati ndi lathu. Tinakanganirana malire. Wina anatentha maukonde oyanikidwa, wina anatema nkhumba za kumtunda zimene zinalowa pabwalo la mzikiti, ndipo anyamata anatemana pa mpira. A Dominiko ankangowoloka khwawa, kupita n'kubwera, mpaka tinawapatsa dzina loti a Shehe Dominiko. A kugombe ankawatchula kuti Mwalimu. Dambo tinagawana, ndipo ife tinavomera kutsekera nkhumba m'makola. Pa za nkhumbazo ine ndinatsutsana nawo, ndipo mpaka lero ndimati anatipondereza, chifukwa nkhumba ya m'khola imadya gaga woti munthu sungamupeze mu Januwale. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, ananena dandaulo langa bwino kuposa mmene ndinanenera ine, koma khola ndinamangabe.

Kumene njira yawo inawakanika kunali m'nyumba mwawo. Mwana wawo wamkazi anali mmodzi yekha, Agnesi, amene anamuphunzitsa okha katekisimu ndipo ankaimba m'kwaya. Agnesi anakwatiwa ndi Saidi, msodzi wa kugombe amene ankakhala miyezi akusodza ku chilumba cha Mbenji, n'kulowa Chisilamu, dzina n'kukhala Asiyatu. A Dominiko ku ukwati sanapite. Ankawolokabe khwawa pa milandu ya anthu ena, koma akafika pa nyumba ya mwana wawo ankadutsa maso ali pa tayala la kutsogolo. Zinatenga zaka. Anawathyola ndi amayi Naphiri, tsiku lina masana tili pakhonde pawo tikudikira kuti mphakati uyambe.

"Bambo a Agnesi," anatero mayiwo akupeta mpunga, "tanenani zimene mwana wanu akufuna, ine ndikuuzeni ngati ndi zomwezo."

A Dominiko anangodzuka n'kuyambitsa mphakati. Tsiku limenelo pemphero linali lalifupi. Sabata yotsatira tinaona njinga yawo itatsamira pa nyumba ya Saidi, ndipo kuyambira pamenepo ankapitako kawirikawiri, pobwera atamangirira kanyenya wa usipa pa keliyala. Dzina loti Asiyatu sanalitchulepo, ankangoti Agnesi, ndipo mwanayo ankavomera.

Asiyatu anamwalira m'mawa wina nyengo ya mwera, akuyanika usipa. Anangogwa, ndipo pamene anthu ankafunafuna galimoto yopita naye kuchipatala anali atatsirizika. Saidi anali atangobwera kumene kuchokera ku Mbenji. Uthenga utafika kumtunda, a Lufeyo sanafunse munthu. Anatenga bokosi kwa kalipentala, analikweza pa ngolo, n'kutsika nalo kugombe kukatenga mwana wa mlongo wawo. Anyamata a m'mudzi anatsatira, ena atanyamula mipini ya makasu. Ife adzukulu tinauzidwa kuti tiyambe kukumba, koma ine nditaona mipini ija ndinadziwa kuti manda a tsiku limenelo akhoza kuchuluka, ndiye ndinatsatira ngolo.

Kugombe tinapeza jeneza, chonyamulira maliro cha Asilamu, ili kale pakhomo. Amayi ankatenthetsa madzi osambitsira thupi. Anyamata a kumeneko, amene anali asanaiwale za maukonde awo, anaima mozungulira nyumba ndi nkhafi m'manja.

"Tabwera kudzatenga mwana wathu," anatero a Lufeyo asanapereke ngakhale moni. "Anabadwira kwathu, anabatizidwa kwathu, akagona kwa makolo ake."

A Shehe a pa mzikiti wa kugombe, mkulu wochepa thupi woyankhula motsitsa, anayankha kuti malemuyo anali Msilamu, ndipo aikidwa lero lomwe dzuwa lisanalowe. Anyamata athu anayamba kutsitsa bokosi. A kugombe anasendera kutsogolo.

Ndi pamene a Dominiko anafika, chidendene chikukhukhuluza mchenga. Anagwetsa njinga, anavula nsapato pakhomo, analowa m'nyumba kukaona mwana wawo. Atatuluka anapukuta kumaso ndi malaya, n'kukhala pansi pakati pa ngolo ndi jeneza, miyendo tambalale monga mwa masiku onse.

"Alamu, chokanipo apo," anatero a Lufeyo. "Munabereka, inde, koma mwanayu ndi wa mbumba yanga. Lero si tsiku la masewera anu aja."

"Ndikudziwa, alamu. Pa mwanayu ine ndilibe mawu, ndipo sindikufuna kugamula. Ndikungopempha kuti musanamukweze pa ngolo, mutiuze zimene anzathuwa akufuna."

"Akufuna kumukwirira ngati mbuzi yofa yokha, wopanda bokosi, abale asanasonkhane."

A Dominiko anatembenuka. "A Shehe, ndi zomwezo?"

"Si zomwezo, Mwalimu."

"Yambiraninso, alamu."

Ndinaganiza kuti a Lufeyo awaponda. Koma munthu wofedwa mwana atakhala pamchenga sumukankha pagulu, ngakhale ali mkamwini. A Lufeyo anayesanso monyoza, a Shehe anakana. Anayesanso, a Shehe anati pang'ono akuyandikira, n'kuwonjezerapo za kasambitsidwe ka thupi. Dzuwa linali likukwera, mwera ukutithira mchenga m'maso. Mnyamata wina wa kwathu anatukwana, wa kugombe anakweza nkhafi, koma a Dominiko sanacheuke n'komwe, maso ali pa alamu awo. Potsiriza a Lufeyo ananena, mawu akutuluka ngati akuchita kuwazula.

"Akufuna asambitsidwe ndi amayi amene ankapemphera nawo. Akulungidwe mu nsalu yoyera, agone pa dothi nkhope itayang'ana ku Maka, lero lomwe. Chifukwa ndi mmene mwini wakeyo ankapempherera."

"Ndi zomwezo," anatero a Shehe.

Mawu aja oti ndi mmene mwini wakeyo ankapempherera anawawawa a Lufeyo, tonse tinaona. Kuyambira tsiku la ukwati anali asanavomerepo kuti mwanayo anasankha yekha.

Kenako inali nthawi ya a Shehe, ndipo nawonso anaphonya. Anati a kumtunda akufuna kumubwezera ku tchalitchi poti tsopano sangathe kukana. A Lufeyo anakana mwaukali, nati za tchalitchi afunse katekisiti wakhala apoyo, iwo sanabwerere zimenezo. A Shehe anayesa za bokosi, anayesa za nyimbo, osalasa. Ndiye Saidi, amene nthawi yonseyi anali atakhala pakhomo mutu uli m'manja, anasendera n'kugwada pafupi ndi apongozi ake.

"Bambo, ndiyeseko ine."

"Yesa, mwana wanga."

"Akufuna kuti amayi aziona pamene mwana wawo wagona. Kumanda kwathu akazi safikako. Tikamuika kuno, amayi adzakalamba asanaone mtumbira wake, ndipo tsiku lawo likadzafika adzagona kutali naye."

M'nyumba muja amayi Naphiri, amene ankamva zonse, analira mokweza. A Lufeyo anavula chipewa n'kukhala pa ngolo. A Dominiko sanawachitire chifundo, anafunsabe ngati ndi zomwezo, ndipo anadikira mpaka mkuluyo anayankha, mawu osamveka bwino, kuti ndi zomwezo.

Zotsalazo anapangana okha a Lufeyo ndi a Shehe, a Dominiko osaponyapo mawu. Asiyatu akaikidwa kumanda a kumtunda, kwa mbumba ya amayi ake, cha kumphepete, koma mwa Chisilamu, tsiku lomwelo. Amayi aima patali mpaka amuna amalize, kenako afika pa mtumbira. Amfumu atauzidwa anavomera. Bokosi linabwerera pa ngolo lopanda kanthu.

Manda amenewo tinakumba pamodzi ndi anyamata a kugombe, omwe aja a nkhafi. Iwo ndiwo anatilozera koyang'anitsa dzenje, n'kutisonyeza kasemedwe ka kachipinda kam'mbali kogonekamo thupi. Adzukulu timadziwika ndi nthabwala pokumba, koma tsiku limenelo kunkangomveka makasu. Jeneza inabwera pa mapewa, amuna akulandizana mothamanga monga amachitira Asilamu, ndipo itawoloka khwawa a kwathu nawonso anayamba kuika mapewa. Mipini ija sindinaone kumene inathera.

A Shehe anatsogolera mapemphero. A Dominiko, munthu amene anapempherera maliro onse a m'mudzi muno kuyambira ine ndili mwana, anaima kumbuyo kwa gulu dzanja lili m'thumba momwe munali kolona. Mkulu wina wa mphakati anawanong'oneza kuti anene ngakhale Atate Athu yekha, poti ndi mwana wawo ndipo manda ndi athu. Anapukusa mutu. Anati zimene apangana ndi zimenezo, ndipo akawonjezerapo zawo ndiye kuti awanamiza a Shehe. Ine ndinali m'mbali mwawo, khasu lili m'manja, ndipo ndinamva mano awo akukukutika. Sindinaonepo munthu akuvutika chotero ndi kukhala chete.

Palibe anakhetsa magazi tsiku limenelo, koma a Dominiko sanayamikiridwe ndi onse. Ku tchalitchi ena ankati katekisiti wagulitsa mwana wake wobatizidwa. Bambo mfumu, wansembe wathu, anawaikira kumbuyo pa guwa, komabe itakwana nthawi yosankha atsogoleri a mphakati anthu anasankha wina. Iwo sanadandaule pagulu, anangosamukira pa benchi ya kumbuyo n'kupitiriza kuwononga nyimbo ali kumeneko. Tsiku lina ndinawapeza kumanda akuzula udzu pa mtumbira wa mwanayo, ndipo ndinawafunsa ngati samva chisoni ndi zimene anachita. Anati amamva tsiku lililonse. Anati Mpingo umaphunzitsa kuti chikhulupiriro sachita kukakamiza, ndipo iwo sanapeze pamene panalembedwa kuti munthu akafa lamulolo latha. Koma anatinso kudziwa zimenezo sikuchotsa ululu, chifukwa mwana amene unamuphunzitsa chizindikiro cha mtanda umafuna kumuperekeza ndi mtanda.

Ndi tsiku lomwelo pamene anandisonyeza malo. Anali atalambula kachigawo pafupi ndi mtumbirawo, mbali ya kumtunda, kokwana munthu mmodzi. Anati poti sanathe kumupempherera pomuika, akufuna adzagone pambali pake. Anauza amayi Naphiri, anauza amfumu, anauza ife adzukulu aliyense payekha. Ngakhale a Lufeyo anavomera, nati mkamwini ameneyu wakwana kukhala mwini mudzi. Kwawo ku Khombedza anapitako kukanena, koma ana a alongo awo anangoseka, nati amalume asiye kulosera imfa.

A Dominiko anamwalira atadwala chibayo masiku owerengeka. Tisanagwire n'komwe makasu, lole inafika kuchokera ku Khombedza. Ana a alongo awo anati mwambo ndi wodziwika, mkamwini akafa amabwerera kwawo, ndipo amayi awo, mlongo wa malemuyo amene sathanso kuyenda, akudikira kuti aike m'bale wawo. Sanali anthu oipa, ndipo zimene ankanena zinali zoona. A Lufeyo, atakalamba tsopano, anayesa njira ya alamu awo. Anakhala pansi pakati pa lole ndi nyumba, n'kuuza wamkulu wa alendowo kuti anene zimene ife tikufuna. Iye anayankha kuti sanabwerere kalasi ya katekisimu. A Lufeyo anapirira pang'ono, kenako mtima uja unakwera, anayamba kuwerenga zaka zimene a ku Khombedza sanabwere kudzazonda malume awo, ndipo nkhani inathera pomwepo. Njirayo inkafuna munthu amene sakufuna kupambana, ndipo tonse amene tinali pamenepo tinkafuna kupambana.

Saidi anafika ndi amuna a kugombe, ambiri ndithu, ndipo anyamata athu anagwirizana nawo kuti atseke msewu ndi mitengo, lole isatuluke. Kanali koyamba kuona midzi iwiriyi ili mbali imodzi pa mkangano, ndipo kunena zoona ine ndinakondwa, mtengo wina ndinakoka nawo. Amayi Naphiri anatuluka m'siwa atagwiriziridwa ndi amayi anzawo.

"Saidi, mwana wanga, chotsani mitengoyo."

"Amayi, Mwalimu ananena okha pamene akufuna kugona."

"Ndikudziwa, ndinamva kuposa nonsenu. Koma kuli mayi wina uko amene akufuna kuona pamene m'bale wake wagona. Bambo anu anakhala chete pa manda a mwana wawo kuti anthu asamenyane. Ndiye lero mumenyane chifukwa cha iwo? Atengeni apite."

Tinachotsa mitengo. Thupi tinalikweza tokha pa lole, a kumtunda ndi a kugombe, ndipo ambiri tinakwera nawo kukaika. Amayi Naphiri anapita nawo tsiku limenelo, koma ku chiliza mwezi wathawu sanathe, miyendo inakana. Manda a amuna awo anawaona kamodzi kokha.

Malo aja alipobe, kumphepete kwa manda athu, pafupi ndi mtumbira umodzi wokha umene unagona mopingasa pakati pa mitanda. Palibe chizindikiro chilichonse, ndi dothi chabe losalazidwa, m'litali mwa munthu wamtali. Saidi anakwatiranso, koma akabwera ku Mbenji amakwera ndi khasu, amalambula pa mtumbira wa mkazi wake, n'kupitiriza pa malo opanda munthuwo. Amayi Naphiri anakana kuti adzagonepo iwo, akuti si pawo, adzagona mbali inayo. Manda athu akudzaza, ndipo maliro akagwa timavutika kupeza pokumba. Tikafika pamenepo ndi makasu timangolambalala n'kukayamba kugwetsa tchire kutsogolo.